Musanagule galu, werengani ana a m'njira

Anzanga, sabata yatha mlamu wanga wa ku Kasungu anandiimbira foni. Akuti ana amusowetsa mtendere, akufuna galu, ndiye popeza ine ndinawetapo "wachizungu", ndimuuze mtundu wabwino wokhala ndi ana. Anatchula mayina atatu amene anawaona pa Facebook: German Shepherd, Boerboel ndi Labrador. Ndinamuuza kuti ndimuimbiranso, koma mpaka lero sindinaimbe. Si mwano ayi. Yankho langa ndi lalitali, silingakwane pa mayunitsi a foni, komanso lili ndi manyazi mkati mwake. Ndiye ndati ndingolilemba, iye awerenge, inunso muwerenge, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi ana amene akukukokani malaya pa nkhani yomweyi.

Ine ndimakhala m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota, kumwera kwa boma mukamalowera cha ku Chia. Amene munafikako mukudziwa mmene timakhalira. Nyumba zathu zambiri zilibe mpanda wa njerwa. Tili ndi kampanda ka bango kobisa bafa ndi khitchini, basi. Njira yopita kunyanja imadutsa pakati pa nyumba yanga ndi thandala langa loyanikapo usipa. M'mawa amadutsapo amayi ndi mabeseni a mbale ndi zochapa, masana ana ochokera kusukulu, madzulo ana opita ku madrasa, usiku asodzi ndi nyale zawo. Tsiku lina ndinakhala pakhonde n'kuwerenga ana okhaokha odutsa, ndinafika pa 30 dzuwa lisanapendeke. Anga ndi atatu. Nambala ziwirizi muzisunge, chifukwa ine ndinakumbukira imodzi yokha pamene ndinkagula galu.

Chaka chimenecho, mwezi wa Ogasiti, akuba anatilowera kawiri. Usipa umaphedwa usiku wa mdima, mwezi kulibe, ndiye amuna ambiri timakhala kugombe kudikira maboti kapena tili pamadzi. Akuba nawo amawerenga mwezi bwino kuposa ife. Ulendo woyamba anatenga matumba awiri a usipa wouma. Wachiwiri anathyola chitseko cha kanyumba kosungiramo katundu n'kunyamula batire la sola. Mayi a kunyumba anamva zonse ali m'kati ndi ana, anangokhala chete atatseka pakamwa pa kamwana kuti kasalire. Nditafika m'mawa sanadandaule za batire. Anangoti, "Bambo, pezani galu."

Nthawi yomweyo galu wa amalume anga anali ataswa. Atamva za vuto lathu anatumiza mwana kudzandiitana. "Katengepo kamodzi, mwanawe," anatero. "Make ndi galu waulemu." Ndinamuyang'ana makeyo: wofiirira, wowonda, makutu osongoka, mchira wopindikira kumsana, mtundu womwe mumauona pa dooko lililonse kuyambira ku Mangochi mpaka ku Karonga. Ndinaseka. "Amalume, ine ndikufuna galu woti wakuba akangomuona abwerere, osati kotolatola minga ya nsomba aka." Amalume sanakwiye. Anangopitiriza kusoka ukonde wawo, n'kunena kuti, "Chabwino, pita ukagule mkango."

Ndinapitadi. Ulendo wanga wotsatira wokagulitsa usipa ku Lilongwe, ndinaima pa anyamata aja amene amagulitsa tiagalu m'mbali mwa msewu, atatinyamula m'mwamba kuti oyendetsa magalimoto ationere patali. Kamodzi kanali kakuda, kapakamwa kotakata, timapazi tikulutikulu. Mnyamatayo anati, "Bwana, uyu ndi weniweni, wosasakaniza. Bambo ake German Shepherd, mayi ake Boerboel." Ine osamva n'komwe kuti mawuwo akudzitsutsa okha. Ndinafunsa za khadi la katemera, iye akuti anditumizira pa WhatsApp. Sindinafunse kuti makolo akewo ali kuti, kapena kuti kali ndi masabata angati. Pano ndikaganiza, sikanali katakwanitsa masabata 6, kanali koti kazikayamwabe. Ndinalipira ndalama yoti ndikanagula thumba la feteleza n'kutsala ndi chenji. Ndinakaika m'katoni, tinakwera minibasi kudzera ku Salima, ndipo njira yonse ndinkadzimva ngati ndanyamula chuma. Khadi lija silinabwere, nambala ija inasiya kupezeka.

Ana anakatcha Meja. Miyezi yoyamba zinali bwino ndithu, ankakanyamula ngati khanda, kukabereka kumbuyo ndi chitenje. Kenaka kanayamba kukula, ndipo kukula kwake kunali kodabwitsa. Pofika miyezi 8 Meja ankadya kuposa mwana wanga wamkulu. Mkute sunkakwana, tinayamba kumuphikira phala la gaga losakaniza ndi bonya mumphika wakewake. Masiku a mwera, nsomba zikasowa ndipo ndalama ikavuta, ndinkayang'ana mphika wa galu ndi mphika wa ana n'kumawerengera mumtima. Okutobala atafika, kutentha kwa kuno mukukudziwa, mchenga umawotcha phazi. Meja ndi ubweya wake wambiriwo ankakumba dzenje pansi pa mtengo wa mango n'kugonamo tsiku lonse, lilime panja. Nkhupakupa zinamukonda. Anadwala kawiri, kusiya kudya, nkhama kuyera, mpaka tinaitana alangizi a ziweto kudzamubaya jakisoni. Alangiziwo anandifunsa ngati anabayidwa katemera wa chiwewe. Ndinati ayi. Anandiuza tsiku ndi malo oti ndipite naye. Tsikulo litafika usipa unali utagwa wambiri, thandala lodzaza, ndinati ndidzapita ulendo wina.

Apa ndi pamene akatswiri a pa bawo analowererapo. Mudzi uliwonse uli nawo. Wina anati galu wolondera samuzoloweza anthu, mumange masana asaone munthu pafupi, muzimumasula usiku wokha. Wina anati muzimuthirira tsabola m'chakudya kuti aziyaka. Za tsabola ndinakana, koma unyolo ndinagula. Ndinamumanga pamtengo wa mango uja, mamita ochepa kuchokera panjira.

Taganizirani zimene galuyo ankaona tsiku ndi tsiku. Ana 30 akudutsa, ena akuthamanga, ena akukuwa, ena akumugenda ndi tinthu kuti amuone akudumpha. Iye sangathawe, sangawanunkhize, angodumpha mpaka unyolo kumubweza pakhosi. M'mawa zomwezo, madzulo zomwezo. Ine ndinkamva kuuwa kwake n'kumanyadira kuti pakhomo pano tsopano pali mwamuna. Akuba anasiyadi kubwera, izo sindikana. Koma ana anganso anasiya kusewera mbali ija ya bwalo. Kamtsikana kanga kamene kankamubereka ndi chitenje kanayamba kumukankhira mbale ya chakudya ndi ndodo. Ndinaziona zimenezi ndi maso anga, koma sindinazimve.

Linali Loweruka, mwezi wa Janyuwale, mvula itangokata. Ana ankasewera mpira wachikulunga panjira. Mpira unagubudukira pafupi ndi mbale ya Meja, iye akudya. Amene anapita kukautola ndi kamtsikana ka aneba athu, ka zaka 6, mnzake wa mwana wanga. Kachitsulo kolumikiza unyolo kanali katadyeka ndi dzimbiri, monga mmene chitsulo chilichonse chimachitira kuno kunyanja. Kanaduka. Meja anakagwira pamkono pafupi ndi phewa n'kukagwetsa, dzino lina linakakanda pansi pa khutu. Mayi a kunyumba ndi amene anamuchotsa, ndi munsi. Ine ndinali kugombe, ndinangomva mfuu ya azimayi, ndipo ndisanaone kalikonse mtima unandiuza kuti mfuu imeneyi ikuchokera kwanga.

Nditafika, ndinapeza mayi a kunyumba atamugoneka mwanayo pamiyendo pawo, akutsuka mabala ndi sopo ndi madzi ambiri, ndowa ikatha kubwera ina. Agogo ena anati timete ubweya wa galuyo, tiwotche, tipake phulusa lake pabala. Mayi a kunyumba anakana kwamtuwagalu. Anali atamva kusikelo kuti bala la galu limatsukidwa ndi sopo kwa mphindi 15 musanachite china chilichonse. Mwana akulira, make akulira, iwo osasiya kutsuka. Pa zonse zimene zinachitika pakhomo panga chaka chimenecho, chanzeru chinali chimenechi chokha, ndipo sichinachokere kwa ine.

Tinakwera kabaza wa njinga yamoto, ine, bambo ake a mwana ndi mwanayo pakati. Pachipatala chaching'ono chimene tinafikira anatsukanso mabala, kumanga, n'kumubaya wa kafumbata. Kenaka namwino anandiyang'ana n'kufunsa funso lomwe lija: "Galuyo anabayidwa katemera wa chiwewe?" Abale, sindinaonepo funso lalifupi lolemera choncho. Ndinayang'ana pansi. Anatiuza kuti mwanayo ayenera kuyamba jakisoni woteteza ku chiwewe mwamsanga, makamaka poti bala lina lili pafupi ndi mutu, koma tsiku limenelo mankhwalawo analibe. Anatilembera kalata. Tinaupeza katemerayo m'mawa mwake kuchipatala china chakutali, titagona pabenchi.

Usiku umenewo pabenchipo aneba anga sanandinyoze. Ndikanakonda akanatero. Iwo ndi Msilamu, monga ambiri kuno ku Nkhotakota, ndipo pakhomo pawo sasunga galu. Chaka chonse Meja akuuwa usiku pafupi ndi windo lawo sanabwere kudzadandaula ngakhale kamodzi. Atakhala chete nthawi yaitali anangoti, "Achimwene, ife galu sitiweta, inu mukudziwa. Koma waluma ife." Mawu amenewa ndimawamvabe.

Mwina ena mwa inu simunakhalepo pafupi ndi nkhani ya chiwewe, ndiye ndiloleni ndinene zimene ndinaphunzira mochedwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Mwa olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti zili ndi chiwewe, anthu 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Kachilombo kake kamakhala m'malovu, kamalowa pabala n'kuyenda m'mitsempha kulowera kuubongo. Kamatha kukhala phee miyezi iwiri kapena itatu, bala litapola kale, aliyense ataiwala. Koma zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi ndi kubalalika, palibenso mankhwala. Katemera amagwira ntchito pokhapokha munthu akamulandira zizindikiro zisanaoneke. Munthu woyamba kupulumutsidwa ndi katemerayu, mu 1885 ku France m'manja mwa Louis Pasteur, analinso mwana, mnyamata wa zaka 9 dzina lake Joseph Meister. Papita zaka zoposa 130, koma ife tikugonabe pabenchi chifukwa cha jakisoni amene ndikanamubayitsa galu wanga tsiku limodzi lokha m'mawa.

A zaumoyo anatiuza kuti galuyo tisamuphe, timutsekere n'kumuyang'anira masiku 10. Galu amene anali ndi chiwewe m'malovu tsiku loluma sadutsa masiku amenewo ali bwinobwino. Ndinamutsekera m'kanyumba kaja kamene akuba anathyola. M'mawa uliwonse ndinkasuzumira pakhomo ndi mbale ya madzi, mtima uli m'mwamba, kuona ngati amwa. Ankamwa. Ankandigwedezera mchira ngati palibe chachitika. Tsiku la 10 anadya, anamwa, ndipo ine ndinakhala pansi pamchenga kuseri kwa kanyumbako n'kulira ngati mwana. Kamtsikanako kanapitiriza jakisoni monga mmene achipatala ananenera. Nkhani inapita kwa amfumu, ndinalipira mbuzi ndi zonse zimene zinawonongeka paulendo wa kuchipatala. Ndinalibe choyankha.

Anthu ena ankafuna Meja aphedwe. Ine ndinaona kuti wolakwa wamkulu akhala wamoyo ndithu, ndiye ine. Ndinamubayitsa katemera, n'kumupereka kwa bambo wina wa ku Dwangwa amene ali ndi mpanda wa njerwa kuzungulira nyumba yosungiramo katundu, kopanda ana, ndipo anawetapo agalu akuluakulu. Ndinawauza zonse osabisa kanthu.

Tsopano, alamu, ndibwere ku funso lanu la mitundu. Chimene ndinadzazindikira n'chakuti galu aliyense wa dzina anapangidwira ntchito yake ndi dziko lake. German Shepherd anamukhazikitsa ku Germany cha m'ma 1899 kuti aziweta nkhosa. Ndi wanzeru kwambiri, n'chifukwa chake apolisi amamukonda, koma nzeruzo zimafuna ntchito tsiku ndi tsiku ndi munthu womuphunzitsa. Mukamumanga pamtengo, nzeru zomwezo zimasanduka ukali. Ubweya wakenso ndi wa kozizira. Boerboel ndi wa m'mafamu a ku South Africa, analeredwa kuti aziteteza malo aakulu, ndipo wamphongo amatha kupitirira makilogalamu 60. Ngakhale atakhala wofatsa bwanji, akangodumphira mwana wa zaka 3 mosewera, mwanayo ali pansi. Labrador ndi amene amatchuka kuti ndi wa ana, ndipo n'zoona kuti ambiri ndi ofatsa. Makolo ake anali agalu a asodzi ku Newfoundland, ku Canada, ankathandiza kukoka zingwe ndi kutola nsomba m'madzi ozizira. Koma ndi wadyera, amafuna chakudya chabwino ndi malo othamanga, ndipo wakuba akhoza kumulandira ndi mchira. Komanso Labrador amene mungamugule pamsewu, ndani wakutsimikizirani kuti ndi Labrador?

Sindikunena kuti agalu amenewa ndi oipa. Ndinaonapo mabanja ku Lilongwe amene ali nawo ndipo ana amagona nawo pakapeti. Koma taonani zimene ali nazo: mpanda wautali, geti lotseka, ndalama ya chakudya mwezi ndi mwezi, dokotala wa ziweto pafupi, ndi munthu amene ali ndi nthawi yomuphunzitsa galuyo. Ana amene galuyo amakumana nawo ndi a m'nyumbamo okha. Ine ndinatenga galu wa moyo umenewo n'kumuika panjira ya kunyanja. Ndipo amene mumakhala cha ku Bua, m'mphepete mwa nkhalango ya Nkhotakota, muonjezerepo kashembe, ntchentche ija yopatsa anthu kaodzera, chifukwa imadwalitsanso agalu.

Tinakhala chaka chathunthu opanda galu. Koma mdima wa mwezi sunasiye kubwera, ndipo mayi a kunyumba sankagona ndikakhala kugombe. Tsiku lina ndinavala manyazi anga n'kubwerera kwa amalume. Galu wawo uja anali ataswanso. Sanandikumbutse za mkango. Anangondipatsa mpando pansi pa mtengo n'kunena kuti, "Usagwire kagalu. Khala apa uone make."

Ndinakhala mpaka madzulo. Ndinaona zidzukulu zawo zikudutsa pafupi ndi pamene ankayamwitsa, iye n'kungotukula mutu. Mwana wina atafika pafupi kwambiri, anadzuka n'kusuntha yekha. Kunabwera munthu wachilendo wogula nkhuku, galuyo anauwa mwamphamvu ataima pakati pa mlendoyo ndi nyumba. Amalume atangoti "iwe, basi", anasiya n'kukagona. Amalume anati, "Waona? Galu wa pa ana ndi amene amadziwa kuchoka, ndi amene amamva ukamuletsa. Ukali aliyense ali nawo." Kenaka anandionetsa tiana. Kamodzi kankabisala kuseri kwa nkhokwe, anati ako ayi, wamantha ndi amene amaluma mwadzidzidzi. Kena kankalanda anzake bere n'kumawakwera, anati akonso ayi. Kachitatu kanabwera, kununkhiza phazi langa, kugwedeza kamchira, n'kubwerera kwa make. "Ako," anatero, "koma udikire kaye, kasiye kuyamwa kokha." Ndinadikira mpaka katakwanitsa miyezi iwiri. Ndinadzamva pambuyo pake kuti madokotala a ziweto amanena zomwezo: kagalu kasachoke kwa make kasanakwane masabata 8, ndipo miyezi itatu yoyamba ndi imene kamaphunzira kuti munthu, mwana, mbuzi ndi nkhuku si adani. Galu wamkota sakandira pachabe.

Ndisanakatenge ndinachita chimene ndinayenera kuchita poyamba paja. Ndinapita kwa aneba, ndinakhala pamkeka, n'kuwauza kuti ndikufuna kuwetanso galu, koma akakana ndisiya. Anaganiza, anaitana mayi a mwana uja, anakambirana. Anandipatsa mawu awiri: asamafike pamene amatsukira mbale ndi pamene amaswalira, ndipo khadi la katemera alione ndi maso awo chaka chilichonse. Ndinavomera. Ndinayendanso nyumba zina zinayi za m'njiramo.

Dzina anapereka ndi mayi a kunyumba. Mukudziwa kuti kwathu kuno dzina la galu nthawi zambiri limakhala uthenga wopita kwa munthu. Iwo anamutcha Funsani. Ndiye tsiku lililonse akamaitana galu pabwalo, amene amamva kuwawa ndi ine.

Funsani anabayidwa katemera wa chiwewe ali ndi miyezi itatu, ndipo amabayidwanso chaka chilichonse. Timamupatsa mankhwala a njoka za m'mimba, chifukwa ana amasewera mumchenga womwewo. Loweruka ana amamuchotsa nkhupakupa ine ndili pomwepo. Alangizi a ziweto anamufula kuti asamayendeyende usiku kutsata zazikazi n'kumalumana ndi agalu osadziwika. Sanalawepo unyolo wa tsiku lonse. Amadya mkute, gaga ndi mitu ya nsomba, ndipo thupi lake lili bwino. Dzuwa la Okutobala amalidziwa, amapita yekha pansi pa thandala. Ku South Africa agalu amtundu wakewu anawapatsa dzina lakuti Africanis, ndipo kuli anthu amene amawasunga monyadira. Ife timangoti galu wa m'mudzi, n'kumamugenda.

Musamve ngati ndikuti galu wa m'mudzi ndi mngelo. Amalumanso. Ndipotu chiwewe chambiri chimayenda ndi agalu athu omwewa, chifukwa ndi amene amangoyendayenda osabayidwa. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, chifukwa akatswiri amati mukabaya agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, matendawa amasowa podutsa. Tanthauzo lake n'lakuti khadi la galu wanga limateteza mwana wa aneba, ndipo galu wosabayidwa wa nyumba yachitatu ndi vuto langanso. Funsani nayenso ali ndi milandu yake. Anabapo usipa pathandala kawiri, ndipo kamodzi anathamangitsa abakha a eni ake mpaka m'madzi. Wakuba wolimba mtima sangamuope pomuona. Koma ndinadzazindikira kuti sindinkafuna galu woluma wakuba. Ndinkafuna galu wodzutsa mudzi. Usiku wina mwezi kulibe anauwa kuseri kwa kanyumba, matochi anayaka nyumba zitatu, ndipo m'mawa tinapeza mapazi a munthu akulowera kubango. Ntchito yake ndi imeneyo, ndipo anaigwira.

Ana nawonso tinawaphunzitsa, anga ndi a m'njira omwe, chifukwa theka la nkhaniyi lili kwa iwo. Galu akamadya, akagona kapena akamayamwitsa, samugwira. Mpira ukagwera pafupi ndi mbale yake, itanani wamkulu. Samukoka mchira, samukwera, samugenda. Galu wachilendo akakuthamangira usathawe ukukuwa, ima chilili manja pathupi, osamuyang'ana m'maso. Khanda silisiyidwa lokha ndi galu, ngakhale galuyo akhale wofatsa ngati nkhosa. Ndipo lamulo lalikulu: ukalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale pang'ono, nena nthawi yomweyo, palibe akukwapule. Ana ambiri amabisa bala poopa kukalipiridwa kuti amasewera ndi galu, ndipo bala lobisika ndi limene limapha.

Ndiye alamu, ndi inu nonse amene mwafika nane pano, musayambe ndi dzina la mtundu. Khalani pakhonde tsiku limodzi muwerenge ana amene amaponda pabwalo panu, anu ndi a eni. Yang'anani mpanda wanu, ngati ulipo. Yang'anani mphika wanu mwezi wa Febuluwale, osati wa Meyi. Funsani kumene kuli alangizi a ziweto ndi tsiku la katemera. Kaoneni make wa kagaluko ali pakati pa ana, ndipo wogulitsa akakana kukuonetsani, bwererani ndi ndalama yanu. Mukatero mupite kwa aneba. Mayankho amenewa akakulozerani ku German Shepherd, mugule, mumuphunzitse, mumusamale. Ine anandilozera kwa galu wofiirira wa makutu osongoka amene ndinamuseka poyamba, ndipo ndinamupeza ulere.

Kamtsikana kaja tsopano kali Sitandade 4. Chipsera cha pamkono chimabisika ndi yunifolomu, cha pansi pa khutu chimaoneka kakamanga tsitsi. Kamabwerabe kudzasewera ndi mwana wanga, koma kakafika pamtengo wa mango kamadutsa mbali inayo ya njira, ngakhale Funsani atagona phee akungomenya mchira pamchenga. Sikanamugwirepo, ndipo ine sindinakauzepo kuti kamugwire. Khadi lake la katemera timalisunga m'pepala la pulasitiki limodzi ndi mabuku a kuchipatala a ana. Pa 28 Sepitembala ndi tsiku lokumbukira za chiwewe padziko lonse, ndipo sabata imeneyo, usipa ugwe kapena usagwe, ndimamanga kachingwe m'khosi mwa Funsani n'kupita naye. Pobwera ndimayamba ndadutsa kwa aneba, kukawaonetsa khadi.